Mukumanga m'dambo, madziwo mwawauza kuti asamuke?

Sabata yatha, mvula itagwa usiku wonse, ndinapeza banja lina kumunsi kwa komboni yathu kuno ku Chipata likukapa madzi m'nyumba ndi mabeseni. Nyumba yatsopano, malata akadali mbee. Matiresi ali pampanda, ufa wasanduka phala m'thumba momwemo, makope a ana awayanika pa wilibala. Mwini nyumba, bambo wandevu zake, nkumati, "Mvula ya chaka chino ndi yachilendo." Yachilendo? Pamalo pamene tinkadula bango, pamene achule ankatigonetsa m'maso?

Ndatopa nanu, abale anga. Munthu kukagula poloti mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, dothi litang'ambika, nkumati pano mpouma. Bwanji osabweranso mu Febuluwale kudzapondapo? Tauni yathuyi inakhala m'chigwa, mapiri ataizinga. Madzi otsika ku Kanjala ndi kumapiri enawa, amene mwawameta mpala pofuna makala ndi nkhuni, mumaganiza amapita kuti? Amathamangira mu Lunkhwakwa ndi m'timakwawa tina, ndipo inu mwakaika khonde m'njira yawo. Akale aja ponena kuti madzi saiwala khwawa, mumayesa ankangocheza?

Chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi silabu, konkire ya pansi pa nyumba ija. Madzi akasefukira sabisa pomwe afika. Amasiya mzere wa matope pakhoma, amasiya udzu ndi mapulasitiki zitakodwa panthambi za mitengo. Agogo amene akhala pamenepo kuyambira kale amadziwa pomwe analekezera chaka chimene anavuta koposa. Kuwafunsa amalipiritsa? Mmisiri aliyense ali ndi kapaipi kake ka madzi koyezera levulo. Atenge msinkhu umenewo kuchokera pamtengo kapena pakhoma paja, aufikitse papoloti panu, akhome chikhomo. Silabu ikhale pamwamba pa chikhomocho, ndipo muwonjezerepo masentimita 30 kapena 50, chifukwa madzi a mtsogolo sadzaima pomwe anaima a kale. Ngakhale pamtunda pouma, mmisiri wodziwa ntchito sasiya pansi pa nyumba posakwana masentimita 15 kuchokera pabwalo. Inu m'dambo mwathira silabu yolingana ndi bwalo! Chifukwa chake? Kuopa mizere 3 ya mabuloko ndi dothi lothira mkati. Koma ndalama ya matailosi ndi dishi ya TV ilipo.

Ndiye pali ena opita kusukulu, amene anamvako kuti akatswiri m'mayiko ambiri amayeza msinkhu wa nyumba potengera kusefukira kwakukulu kwa kamodzi pa zaka 100. Amati chinachitika kale, ife tidzakhala titafa. Anakunamizani ndani? Mwayi woti madzi otere abwere ndi 1 pa 100 chaka chilichonse, ngakhale atabwera chaka chatha. Pa zaka 30 zokhala m'nyumbamo umafika 26 pa 100. Mungakwere basi atakuuzani zotero?

Ndiponso msinkhuwo ukukwera, oukweza ndinu nomwe. Kuno mvula imagwa pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka. Denga limodzi la mamita 10 uku ndi 10 uku limakhuthula malita 100,000 pachaka, madzi amene kale ankalowa m'nthaka. Werengani madenga amene amera kuchokera 2017 pomwe Chipata anakhala mzinda. Pabwalo mwathira konkire, ngalande mwazadzamo mabotolo ndi matewera, kalavati mwatseka kuti galimoto ilowe bwino pageti. Wina wathira zigumukire za njerwa papoloti pake nkumanga mpanda, madzi onse awakhotetsera kwa mayi wamasiye wa kuseri. Lamulungu ali patsogolo kutchalitchi!

Za zimbudzi ndinenenso? Dzenje mwakumba pomwe madzi ali pafupi, chitsime chili poteropo. Madzi akadzaza, za m'dzenje ndi za m'chitsime zimakhala chimodzi, ana nkumatunga. Mu Januwale 2024 odwala kolera anagonekedwa m'bwalo la mpira la Heroes ku Lusaka zipatala zitachepa. Mwaiwala kale? Nanunso okwera m'phiri musaseke anzanu a m'dambo. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche ku Blantyre, nkukwirira nyumba ndi anthu omwe ku Chilobwe. Ambiri a ife tili ndi abale kutsidya kwa Mwami, maliro aja tinawamva. Komabe mukudula phiri nkumakhomamo nyumba.

Lamulo la mapulani a mizinda la 2015 limafuna kuti pulani ipite kukhansolo musanakumbe maziko. Inu mumamanga usiku ndi tochi, poloti mwagula kwa mnyamata wa pamsika wopanda ndi pepala lomwe. Madzi akalowa, ndinu oyamba kuima pamzere kudikira matenti a DMMU, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, nkumadandaula pawailesi kuti boma lakutayani.

Kwezani silabuyo, apo ayi chokanimo m'dambomo. Ndipo inu amisiri amene mumaona bango papoloti nkungolandira ndalama osanena kanthu, manyazi mulibe?