Timikeka toikapo matambula: njira za ku Tanzania, Zambia ndi kwathu kuno

M'nyengo yotentha ya Okutobala, tambula ya madzi ozizira imachita thukuta n'kusiya banga lozungulira pa tebulo la matabwa, ndipo bangalo silifufutika msanga. Kamkeka koikapo tambula kamathetsa vutoli, koma kapangidwe kake kamasiyana m'maiko otizungulira, chifukwa aliyense amagwiritsa ntchito zipangizo zomwe zili pafupi naye.

Anzathu a ku Tanzania ali ndi mwayi wa khonje, yemwe amalimidwa kwambiri m'madera a Tanga ndi Morogoro. Luzi la khonje ndi lolimba ndipo limagwira bwino utoto, kotero akalipota n'kulizunguliza kuyambira pakati, uku akusoka mzere uliwonse ku unzake, kamkeka kamatuluka kokhuthala komanso kophwatalala. Kugombe la nyanja yamchere amayamba aluka lamba wautali wa masamba a kanjedza, kenaka n'kumulumikiza ndi singano. Chomwe ndimasirira pa ntchito yawo ndi kamalizidwe ka m'mphepete, pakuti nsonga zonse amazibisa.

Ku Zambia, njira imene imandikopa ndi ya nsalu zojambulidwa pamanja, monga zomwe amapanga a kampani ya Tribal Textiles ku Mfuwe. Amajambula maluwa pa nsalu ndi phala la ufa, kuliyanika padzuwa, kupaka utoto, ndipo akachapa phalalo pamatsala mizere yoyera. Ndi ntchito yokongola, koma imafuna utoto wosasuluka, womwe si banja lililonse lingaugule. Ku Mozambique nsalu ya capulana imagwira ntchito ngati chitenje chathu, motero kusiyana si kwakukulu.

Kuno ku Lilongwe chuma chathu chili m'zinthu zomwe timataya. Matelala a mu msika waukulu amatsala ndi tizidutswa ta zitenje tsiku lililonse, ndipo zitsekerero za mabotolo zimangomwazika m'magolosale. Munthu amadula nsalu mozungulira, kusoka m'mbali mwake, kuika chitsekerero pakati n'kukoka ulusi mpaka nsaluyo itachikuta. Zitsekerero 7, chimodzi pakati ndi 6 mozungulira, zimakwanira tambula imodzi, pamene 19 zimapereka choikapo poto. Vuto lake ndi dzimbiri: zitsekerero zikanyowa kawirikawiri zimadetsa nsalu, n'chifukwa chake ndi bwino kuzitsuka, kuziumitsa ndi kuzipaka vanishi musanazikute, komanso kusungira timikeka totere makapu a tiyi m'malo mwa zakumwa zozizira.

Pa zozizira, mlaza umene amalukira mikeka ndi zipewa ku Salima ndi Mangochi ndiwo woyenera, chifukwa umauma msanga ukaikidwa pamphepo. Apa ndi pomwe tiyenera kutengera luso la ku Tanzania, pakuti timikeka tathu tambiri timayamba kumasuka m'mphepete tisanathe chaka, pamene mpendero wa chitenje wosokedwa mothina ukanateteza timikekato.

Tamatabwa toikapo matambula togulitsidwa pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town mu Lilongwe n'tosemedwa mwaluso, ndipo osema ake ndimawalemekeza. Komabe sindingalimbikitse kuti mlombwa, womwe umatenga zaka zambiri kuti ukule, udulidwe chifukwa cha choikapo tambula. Wofuna tamatabwa apemphe zidutswa zotsala kwa akalipentala, azipale bwino ndi sandipepa, kenaka amate kansalu kunsi kuti tisakande tebulo.