Boma likachedwa kulipira chipatala, ngongoleyo imagwera mayi woyembekezera

Anzanga, maganizo anga lero ali pa ndalama za uchembere. Zaka zino ku Unduna wa Zaumoyo kwakhala kukukambidwa zosintha kapezedwe ndi kagawidwe ka ndalama za m'zipatala. Ena akuti tichulukitse mawodi olipiritsa, ena akuti tiyambe inshuwalansi ya dziko lonse, ena akuti ndalama zizipita mwachindunji ku zipatala zing'onozing'ono. Zonsezi tikambirane ndithu. Koma ine pempho langa ndi ili: mayi wobwera kudzachira asafunsidwe ndalama, ndipo chipatala chimene chamuthandiza chizilandira ndalama zake kuchokera ku boma pa nthawi yake. Mbali yoyambayo aliyense amaiombera m'manja pa msonkhano. Yachiwiriyo ndi imene ikutigwetsa, ndipo ndi ochepa amene amafuna kuikamba.

Ife a m'tauni timakonda kunena kuti chipatala ku Malawi n'chaulere. Cha boma n'chaulere, inde, koma sichili paliponse. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thandizo la zaumoyo m'dziko muno limachokera ku zipatala za mipingo zimene zili pansi pa bungwe lawo la CHAM (Christian Health Association of Malawi), ndipo zambiri zili kumudzi kwenikweni: Nkhoma, Mua, Embangweni, Malamulo, St Luke's ku Malosa, Trinity ku Nsanje, St Peter's pa chilumba cha Likoma, ndi zina zing'onozing'ono zambirimbiri zimene mayina ake amadziwika ndi anthu a komweko okha. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito m'zipatalazi, koma mankhwala, magetsi, madzi ndi mafuta a ambulansi zimadalira kwambiri ndalama zimene odwala amapereka. Choncho kale mayi wokhala pafupi ndi mishoni, matenda akamuyamba, ankayenera kusankha: apeze ndalama, kapena ayende mtunda wautali kukafika ku chipatala cha boma, kapena apite kwa azamba a m'mudzi. Ambiri ankasankha chachitatuchi, osati chifukwa cha umbuli monga ena amanenera, koma chifukwa m'thumba munalibe kanthu.

M'chaka cha 2006 boma linayamba kuchita chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chanzeru kwambiri mwa zonse zimene tachitapo pa nkhaniyi. Linayamba kusainirana mapangano ndi zipatala za mishoni, aja a ku chipatala amangowatchula kuti SLA. Kayendedwe kake n'kosavuta kumva. Kumene chipatala cha boma chili kutali, kupitirira makilomita 8, ofesi ya zaumoyo ya pa boma imagwirizana ndi chipatala cha mishoni kuti amayi oyembekezera ndi ana akhanda azithandizidwa osalipira. Mayi apite ku sikelo, achire, ngati pafunika opareshoni achitidwe, atuluke osatulutsa ngakhale tambala. Kenako chipatala chimalemba zonse zimene chagwiritsa ntchito, n'kutumiza ku boma kuti libweze. Sipanafunike kumanga chipatala chatsopano, sipanafunike kudikira zaka kuti anamwino aphunzire. Nyumba zinalipo, anthu analipo, chotchinga chinali mtengo basi. Mtengo utachoka, amayi anabwera.

Manambala akuchitira umboni kuti zaka zimenezo tinayenda. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2004 anapeza kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2010 anatsika kufika 675, ndipo mu 2015/16 anafika 439. Amayi ochirira ku chipatala anali 73 pa 100 aliwonse mu 2010, n'kufika 91 mu 2015/16. Sindikunena kuti SLA yokha ndi imene inachita zonsezi. Mafumu, anamwino, alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi mankhwala otalikitsa moyo onse ali ndi gawo lawo. Koma kuchotsa mtengo pa khomo la mishoni ndi chimodzi mwa zimene zinatsegula njira.

Tsono vuto lili pa kubweza kuja. Kuyambira zaka zoyambirira, dandaulo la zipatala za mishoni lakhala limodzimodzi: ndalama zimachedwa, nthawi zina miyezi yambirimbiri. Ndipo zikafika, zimafika pa mitengo imene anagwirizana kale pomwe katundu wakwera. Tangoganizani zimene zinachitika mu November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Magolovesi, ulusi wosokera, madiripi, mankhwala oletsa kutaya magazi, pafupifupi zonsezi zimachokera kunja. Wogulitsa mankhwala safuna kumva za SLA, amafuna ndalama zake. Wagolosale amene umatenga katundu pa ngongole mwezi ndi mwezi osalipira, ngakhale akhale wachifundo chotani, tsiku lina amatseka kabuku. Zipatala zina za mishoni zakhala zikufika pamenepo, kuimitsa pangano n'kuyambanso kulipiritsa. Amene amamva uthengawo koyamba si mkulu wa ku Capital Hill ayi. Ndi mayi wa miyezi isanu ndi itatu amene wabwera ku sikelo, n'kuuzidwa kuti tsiku lochira abwere ndi ndalama. Iyeyo sanasaine pangano lililonse, sanachedwetse cheke cha munthu, koma ngongole ya boma yagwera iyeyo. Ena amagulitsa chimanga chimene amati adye mpaka February. Ena amangokhala kunyumba n'kumayembekezera kuti zonse ziyenda bwino.

Pamene zipatala za mishoni zatseka kabuku, musaganize kuti amayiwo amangosowa. Amene angathe amakadzadza chipatala cha boma cha pa boma, kumene namwino mmodzi ali kale ndi amayi angapo usiku umodzi, ena atagona pansi. Ndalama imene boma limaganiza kuti lapulumutsa posalipira mishoni imakatuluka kwina, ndipo nthawi zina imatuluka pa opareshoni ya mayi amene wafika mochedwa chiberekero chitang'ambika.

Chinanso chimene chimandiwawa n'chakuti ndalama zambiri za mapanganowa zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja. Nkhani ya Cashgate, ya kubedwa kwa ndalama za boma, itaphulika mu 2013, maiko otithandiza anasiya kuika ndalama mwachindunji mu bajeti ya boma. Pambuyo pake anakhazikitsa thumba lapadera la Health Services Joint Fund, ndipo thumba limeneli ndi limene lakhala likunyamula mbali yaikulu ya SLA. Tiwathokoze, anatipulumutsa. Koma tanthauzo lake n'lakuti kuchira kwaulere kwa mayi wa ku Mua kukudalira zimene aganize maboma otithandiza ku Oslo, Berlin kapena London. Ndalama zoposa theka za zaumoyo m'dziko muno zimachokera kunja. Mu January 2025 tonse tinaona mmene boma la America linaimitsira thandizo lake mwadzidzidzi. Ena ankati zimenezo n'za Edzi ndi malungo basi, koma mayi wa ku sikelo ndi yemweyo amene amalandira neti, amayezedwa magazi, n'kupatsidwa mankhwala oteteza mwana wosabadwa. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuti 15 pa 100 ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo ife zaka zambiri sitifikapo. Ngati pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchilipira ndi misonkho yathu, chokhala ndi mzere wakewake mu bajeti umene munthu sangaugwire, ndi kubadwa kwa ana athu.

Ngakhale ku chipatala cha boma komweko, aliyense amene anakhalapo gadiyani akudziwa kuti ulerewo uli ndi mtengo. Ku sikelo mayi amauzidwa zoti akonzekere: zitenje zingapo, beseni, pepala lakuda la pulasitiki loyala pa bedi, lumo latsopano, ulusi womangira mchombo, kwina tochi kapena kandulo. Akapita kuchidikiro, pafunika ufa, ndiwo ndi nkhuni za masabata angapo, za iye ndi womudikirira, pomwe kumunda ntchito yaima. Zinthu zikavuta n'kufunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu, mumamva kuti ambulansi ilibe mafuta kapena yapita kwina, ndiye achibale ayambe kusonkherana ya galimoto ya matola pakati pa usiku. Kwa munthu wolandira malipiro pa mwezi zimenezi zingaoneke zazing'ono. Kwa banja limene limaona ndalama kamodzi pa chaka likagulitsa soya kapena mtedza, ndi phiri.

Apa m'pamene nkhani ya chindapusa cha amayi osachirira ku chipatala imandivuta. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho. Mu 2012 Mayi Joyce Banda anabwera ndi ndondomeko ya uchembere wabwino, n'kuika mafumu patsogolo, monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu imene inayamba kale ntchitoyi m'dera lake. Midzi yambiri inakhazikitsa malamulo akuti wochirira kunyumba kapena panjira alipire nkhuku, mbuzi kapena ndalama. Mafumu athu ndimawalemekeza, ndipo ndikudziwa kuti anachita zimenezi atatopa ndi kuika maliro a ana aakazi. Miyoyo inapulumuka. Koma si chilungamo kulipiritsa mbuzi mayi amene wachirira panjira chifukwa analibe ya kabaza, kapena amene anakhala kunyumba chifukwa chipatala chapafupi chayambanso kulipiritsa. Ngati dziko lalamula kuti mayi aliyense achirire ku chipatala, dzikolo lanyamula udindo wolipira njira yonse yomufikitsa kumeneko.

Ndipo tinayesapo kale, tikudziwa kuti zimatheka. Kuyambira 2013 mpaka 2018, m'maboma a Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu munali ndondomeko yothandizidwa ndi Norway ndi Germany. Zipatala zinkalandira ndalama zoonjezera malinga ndi ubwino wa ntchito yawo, ndipo zinkatha kugula zimene zikusowa popanda kudikira. Amayi nawonso ankapatsidwa kandalama kobwezera ulendo ndi kowathandiza kukhala pa chipatala maola 48 atachira, nthawi imene kutaya magazi kumapha ambiri. Ofufuza anapeza kuti imfa za amayi m'zipatala zimenezo zinatsika. Ndalama za abwenziwo zitatha, kandalama ka amayi kaja kanathanso.

Za mawodi olipiritsa sindikutsutsa kotheratu. Amene ali nazo n'kufuna chipinda chayekha, alipire, ndalamazo zithandize chipatala. Mantha anga ali pa namwino ndi mankhwala. Anamwino ndi ochepa kale. Wodi yolipira ikayamba kubweretsa ndalama, mzamba wodziwa bwino ntchito uja adzapezeka mbali imeneyo, ndipo mankhwala akachepa tikudziwa amene adzayambe kupatsidwa. Pakhale lamulo lolembedwa, looneka kwa aliyense, lonena gawo la ndalamazo limene likubwerera ku wodi ya amayi osalipira. Za inshuwalansi nazonso, tisathamange. Amalawi ambiri ndi alimi ndi ochita malonda ang'onoang'ono, alibe malipiro oti n'kudulapo. Tikanena kuti wochira aonetse khadi, tabwezeretsa mtengo uja pa khomo. Anzathu a ku Kenya analengeza kuchira kwaulere m'zipatala za boma mu June 2013, kenako n'kukuika pansi pa inshuwalansi ya dziko m'dzina la Linda Mama, ndipo dandaulo la zipatala kumeneko linali lomwe lino: ndalama zobweza n'zochepa komanso zimachedwa. Dzina la ndondomeko lingasinthe, koma ngati wobweza ndalama sakubweza, mathero ake ndi amodzi.

Chimene ndikuchikondwera pa zosintha zonsezi ndi kutumiza ndalama mwachindunji ku zipatala zing'onozing'ono, kumene boma layamba kuyesa m'maboma ena. Kwa nthawi yaitali chipatala chaching'ono chakhala chopanda akaunti yakeyake. Babu likapsa m'chipinda chochirira, mpopi ukathyoka, batire ya sola ikafa, zonse zimadikira ofesi ya pa boma, imenenso ikudikira ndalama kuchokera ku Lilongwe. Mankhwala a oxytocin, oletsa kutaya magazi aja, amafuna furiji yogwira ntchito, apo ayi amatha mphamvu. Kandalama kochepa kokhala m'manja mwa chipatala ndi komiti ya anthu a m'deralo kangathe kukonza zimenezi tsiku lomwelo. Chachikulu n'chakuti zolowa ndi zotuluka zizimatidwa pa khoma kuti aliyense aziwerenga, ndipo ndalamazo zizifika mwezi uliwonse, osati kawiri pa chaka.

Kwa inu olemekezeka aphungu, makamaka a m'madera amene chipatala chapafupi ndi cha mishoni, pamene bajeti ikubwera ku Nyumba ya Malamulo mufunse mafunso awa poyera: boma lili ndi ngongole ya ndalama zingati ku zipatala za CHAM m'boma lanu, ngongoleyo yakhala miyezi ingati, mitengo ya pangano inaunikidwa liti komaliza, ndipo ndi gawo lanji limene likuchokera ku misonkho yathu. Mayankhowo alembedwe, boma ndi boma, tiwaone tonse. Ndipo inu amene chipatala cha kwanu chaimitsa pangano n'kuyamba kulipiritsa amayi, musakhale chete. Kauzeni a komiti ya chipatala, khansala wanu ndi mfumu yanu, kuti chindapusa chiime kaye m'mudzimo mpaka boma litalipira.