Pulomoshoni yawoyi ndi nyambo basi

Abale inu ndatopa nawo masitolo akuluakuluwa. Dzulo ndinalawirira m'mamawa kukwera minibasi mpaka m'tauni chifukwa cha chithunzi chomwe chinazungulira pa WhatsApp Lachisanu, eti mafuta ophikira a malita 2 atsika mtengo, pulomoshoni ya kutha kwa mwezi, zilembo zofiira zikuluzikulu. Ndafika 9 koloko isanakwane, pashelefu pali mbee, pangotsala kapepala ka mtengo kakundiyang'ana. Kufunsa mnyamata wa yunifomu akuti "atha amayi, anabwera makatoni ochepa". Makatoni ochepa? Nanga chithunzi chija munatumizira anthu ochepa? Ndiye pambali pomwepo, malo ongotambasula dzanja, pali mafuta amtundu wina osanjidwa mpaka pamwamba, mtengo wake woposa wa pagolosale ya kwathu. Dzina la sitoloyo sinditchula chifukwa ndikatchula imodzi mudzayesa kuti anzakewo ndi angelo.

Poti thiransipoti ndinali nditalipira kale, mukuganiza kuti ndikanabwerera chimanjamanja? Ndinatenga basiketi, sopo, mchere, buledi, matewera a mwana, katiyi, ndipo nzeru zinandibwerera ndili pamzere wolipira kuti aaa, izi ndiye amafunazo. Mafuta aja inali nyambo. Anaika makatoni owerengeka pa mtengo woluza dala kuti ife tidzaze sitolo, akudziwa kuti munthu amene wawononga ndalama ya minibasi satuluka wopanda jumbo m'manja, ndipo zimene aluza pa botolo limodzi azibweza pa sopo wanga ndi matewera anga. Chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere.

Ndiye pawailesi azitiuza kuti masitolo akupikisana, kasitomala ndiye akupindula. Akupindula uti? Ine ndinatuluka mmenemo kukalowa sitolo ina yaikulu chapafupi kuti mwina uko, kukapeza nawonso ali ndi nyambo yawo, iwo anasankha mpunga, koma mafuta, shuga, sopo mtengo kufanana ndi kuja ngati anakopera pa bolodi limodzi. Kupikisana kwawo ndi kwa pachikwangwani. Amalimbirana kuti ndani atilowetse pakhomo, tikalowa onse amatimeta ndi lumo limodzi. Uyu akuti mafuta, uyo akuti mpunga, winayo akuti nkhuku ya mufiriji, koma ukawonkhetsa risiti ya mwezi wonse palibe amene wakuchitira chifundo olo mmodzi.

Ndipo musaganize kuti zimangochitika. Tayang'anani komwe amaika buledi ndi mkaka, kumapeto kwenikweni kwa sitolo, kuti pofika kumeneko udutse mabisiketi, majusi, mapoto omwe sunawaganizire pochoka kunyumba. Maswiti ndi chokoleti pamalo olipirira, mmunsi, pamene maso a mwana amafika, kuti alire pamzere iwe uchite manyazi ugule. Zodula pamene pamathera maso a munthu wamkulu, zotchipa pansi kuti uwerame ngati ukuzula mtedza. Thirole yaikulu ngati ngolo kuti ukaikamo zinthu zitatu uzidzimvera chisoni. Anthu anakhala pansi mu ofesi kukonza zonsezi, analipidwa malipiro, ndipo ife timalowa tikumwetulira kuti tapeza zotchipa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Achimwene anga ali ku Joni amati akamandifotokozera za kumeneko ndimachita nsanje. Kumeneko masitolo amamenyana zenizeni. Shoprite ili ndi Checkers ya anthu a ndalama komanso Usave ya kumakomboni, Pick n Pay nayo ili ndi Boxer yotsata anthu omwewo a m'makomboni, Woolworths ili pambali kukoka mabwana, ndipo Checkers inafika poyambitsa Sixty60 yoti ukaoda pafoni katundu akupeze pakhomo ola lisanathe, njinga zamoto zili piringupiringu mumsewu. Sitolo ikakukhumudwitsa umangowoloka msewu kukalowa ina. Kuno ukawoloka msewu ukapeza chiyani? Chikwangwani china chofiira.

Paja tinali ndi PTC, ma Peoples aja omwe ankapezeka pafupifupi m'boma lililonse, tinakulira mmenemo ife, ukakhoza mayeso amakakugulira kabisiketi ku PTC. Mu 2022 Press Corporation inaigulitsa ndipo sipanapite nthawi zitseko zinatsekedwa. Mu 2025 Shoprite nayo inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake a kuno ku Malawi, itachoka kale ku Nigeria, Kenya ndi Uganda. Osewera akamachepa pabwalo otsalawo aziopa ndani? Ndikudziwa ena muyamba kundiuza za forex, kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eya tonse tinalipo, koma si dola yomwe inajambula chithunzi cha mafuta omwe kulibe n'kuchitumiza pa WhatsApp.

Mwaiwala za shuga mu 2024? Atasowa, m'masitolo ena amakuuza kuti paketi ya shuga siituluka yokha, ugule kaye zinthu zina. Munthu wabwera ndi ndalama ya shuga wa phala la mwana, akumukakamiza kugula zomwe sakuzifuna. Nyambo yomweija, kungoti nthawi imeneyo sanavutike n'kubisa mbedza. Lamulo loteteza ogula lilipo, bungwe la CFTC lilipo loona za mpikisano pa malonda, koma ndi angati mwa ife amene amasunga risiti n'kukadandaula? Timangong'ung'udza mu minibasi, mwezi wamawa chithunzi china chikabwera tili pamzere 8 koloko. Inenso ndili momwemo, sindikudziyeretsa.

Chomwe chikundiwawa kwambiri n'chakuti amayi a pagolosale ya kwathu, omwe amandikongoza sopo pakati pa mwezi osandilembetsa kalikonse, ndinawadutsa dzulo ndi jumbo ya m'tauni m'manja, anandipatsa moni ine maso pansi. Mafuta ndinakagula kwa iwo omwewo madzulo. Analipo, pa mtengo womwe ananena, opanda zilembo zofiira.

Ndipo za mitengo yothera ndi 99 ija ndisaiwale. Chinthu chilichonse 999, 499, 1,999, ngati kuti 1 kwacha imeneyo adzakubwezera. Ndani anaonapo 1 kwacha ikutuluka mu till zaka zino? Dzulo lomwelo chenji changa chinatsala, mtsikana wa pa till akuti "amayi chenji palibe, mutenge switi". Switi! Ine ndi munthu wamkulu wa ana atatu. Ndinamufunsa kuti achemwali, mawa ndikabwera ndi maswiti khumi mundipatsa buledi? Anangoseka, ndipo sindimuda, nayenso ndi wolembedwa ntchito, amangochita zomwe anauzidwa. Koma kondakitala wa minibasi ndikamupatsa switi andikweza? Potuluka pakhomo mlonda wandiimitsa, kuyang'ana risiti, kusuzumira mu jumbo, kuwerenga sopo mmodzimmodzi ngati ndine wakuba, pomwe chenji changa chatsala mkatimo.