Pick and place yopanga tokha ndi yotheka, koma tisayambire pamenepo

Anzanga a ma electronics, ine maganizo anga ndi awa pa nkhani yopanga tokha pick and place machine. Kwa amene simukuidziwa, ndi makina otola tizida ta SMD (tomatidwa pamwamba pa bodi, osalowetsa miyendo m'mabowo), ma resistor, ma capacitor, ma chip, nkumatiika pa bodi pamalo pake penipeni. Kachida ka saizi yotchedwa 0402 kutalika kwake ndi 1mm basi, ukayetsemula kapita, uzikafufuza pansi mpaka mawa.

Chimango sichivuta ayi. Ma stepper motor a NEMA 17, malamba a GT2, bodi ya 3D printer yoyendetsera, ka pampu kokoka mpweya kuti nozzle izigwira kachida, zonsezi munthu utha kusonkhanitsa, ndipo amisiri a ku Ndirande akhoza kukuwotcherera tebulo lolimba bwinobwino. Software nayo ilipo yaulere, OpenPnP, anthu akunja akupangira makina awo m'magalaja. Pamene pagona nkhani ndi pa ma feeder, zipangizo zoperekera tizida ku nozzle. Tizida timabwera pa tepi ya 8mm yokulunga, makina amayenera kukoka tepiyo mlingo womwewo nthawi zonse nkusenda kapulasitiki kapamwamba osagwedeza, apo ayi tizida timadumpha nkugona chagada. Ndiye kamera ziwiri, ina yoyang'ana bodi ina yoyang'ana kachida kuchokera pansi, kuzikonza kuti zigwirizane ndi ntchito yodya mutu, komanso magetsi akangothima pakati pa ntchito ma motor aiwala pomwe anali, uyambirenso homing, kubwezera makina poyambira pake.

Nde funso langa ndi loti, tili ndi mabodi angati oti tiike? Ngati ukupanga ma charge controller a sola khumi pamwezi, tweezer yoikira tizida pamanja ikukwanira. Ndalama imeneyo, ndi mmene forex ikuvutiramu, bola ugule solder paste yabwino (phala lomatira tizida pa bodi), stencil yopakira paste imeneyo ndi kauvuni ka reflow koisungunulira, chifukwa ngakhale makina ataika bwino chotani paste ikapakidwa mwachisawawa bodi siigwira ntchito.

Koma kwa ana a engineering pa MUBAS paja, amenewo apange ndithu, muli mechanics, muli code, muli vision zonse pamodzi. Ndipo akapanga asakaitsekere mu lab, enafe a ku Limbe ndi Chirimba tizibwera ndi mabodi athu nkulipira kangachepe. Alipo amene ali ndi 3D printer yosindikizira ma feeder mtauni muno? Ndilankhuleni ku inbox.