Penti sachotsa chinyontho

Awa ndi maganizo anga, makamaka kwa inu amene mukumanga pamtsetse, kaya ku Chilomoni, ku Bangwe kapena m'munsi mwa phiri la Soche.

Poti malowo ndi otsetsereka, ambiri timakumba n'kupezapo chipinda chapansi, khoma limodzi litatsamira dothi. Sindikutsutsa, chipindacho chimabweretsa ya lendi. Koma khoma limenelo limamwa madzi dzinja lonse, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo njerwa yootcha imayamwa ngati chinkhupule.

Achemwali anga adakhala zaka ziwiri m'chipinda chotere. Pulasitala kufufuma, penti kusupuka, khoma kutuluka zoyera ngati mchere, nsapato pansi pa bedi kuchita chuku. Fungo lake limakulandirani pakhomo. Mwana wawo ankangokhalira kutsokomola, usiku osagona. Atadandaula, eni nyumba adatuma mnyamata ndi chitini cha penti. Mvula itangoyamba, khoma lidabwerera mwakale. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa lendi ankalipira yonse mwezi ndi mwezi.

Madzi amatchingidwa kunja kwa khoma, asanalowe. Musanakwirire, pakani pulasitala ndi phula mbali yokhudza dothiyo, muphimbe ndi pulasitiki yakuda yochindikala. M'munsi mwa khomalo yalani paipi yoboolaboola, muikwirire ndi miyala ya kwale, ipendekere kumene madzi angatulukire okha. DPC, pepala lakuda loyala pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere m'khoma, ikhale masentimita 15 kuchokera pa nthaka, ngati mizere iwiri ya njerwa. Mmisiri akanena kuti "bwana, izi n'zongotayitsa ndalama", musamumvere. Tsiku loyala DPC mukhalepo nokha, muone ndi maso anu, chifukwa njerwa zikangokwera simudzaionanso.

Ngati nyumba idatha kale, yambani ndi madzi a padenga. Malata amathira madzi ambiri pamalo amodzi, ndiye ikani magata, khonde lipendekere kunja, ngalande ya kumtunda kwa nyumba muzikonza mvula isanagwe. Mkatimo tsegulani mawindo masana, kabati isagunde khoma, zovala zonyowa musayanike m'chipindamo.

Zikakanika, palibe kuchitira mwina, fukulani dothi la kuseri kwa khomalo m'chilimwe, cha mu Seputembala nthaka itauma, muchite zimene zidadumphidwa pomanga. Ndipo mpaka mutatero, chonde musalowetsemo banja la mwana wakhanda.