Munthu Akhoza Kusintha Nkhawa Isanathe

Anthu akamva kuti mnzawo akulandira uphungu wa zamaganizo, amathamangira kufunsa ngati wayamba kupeza bwino. Pa matenda ambiri funsoli ndi loyenera, koma pa mtundu wa uphungu umene akatswiri amautcha existential psychotherapy, wothandiza munthu kulimbana ndi mafunso akuluakulu a moyo monga imfa ndi tanthauzo la moyo, ndikuona kuti limaphonya chimene chimachitikadi mwa munthu. Ambiri amene amathandizidwa ndi uphunguwu amatsala ndi nkhawa yawo, koma chimene chimasintha ndi mmene akukhalira nayo, ndipo ine ndikuti kusintha kumeneku n'kwenikweni ngakhale kuti n'kovuta kukulemba pa pepala.

Uphunguwu unayambira ku Ulaya kwa madokotala monga Ludwig Binswanger ndi Medard Boss a ku Switzerland. Mu 1980, Irvin Yalom wa ku yunivesite ya Stanford anatchula zinthu 4 zimene zimasautsa munthu aliyense pansi pa mtima: imfa, ufulu wosankha pamodzi ndi udindo umene umabwera nawo, kusungulumwa kumene sikutha ngakhale uli pakati pa okondedwa, ndiponso kuopa kuti moyo ulibe tanthauzo. Palibe dokotala amene angachotse chimodzi mwa zimenezi. Ngati gwero la nkhawa silichoka, ndiye kuti kusintha tiyenera kukufunafuna pamalo pena.

Viktor Frankl, dokotala wa ku Vienna amene anapulumuka m'ndende za chipani cha Nazi mu 1945, anasimba za dokotala mnzake wachikulire amene anabwera kwa iye ali wosweka mtima patatha zaka 2 mkazi wake atamwalira. Frankl sanamulangize kuti alimbe mtima. Anangomufunsa chimene chikanachitika iye akanakhala woyamba kufa, mkaziyo n'kutsala. Bamboyo anayankha kuti mkazi wake akanavutika koopsa. Pamenepo Frankl anamuonetsa kuti mkaziyo wapulumuka chisoni chimenecho, ndipo mtengo wake ndi woti iye atsale ndi kulira. Bamboyo sananene kanthu, anangomugwira chanza n'kutuluka ali wodekha. Mkazi sanabwerere ndipo nyumba inali yachete monga kale, koma chisoni chimene chinkaoneka ngati chilango chopanda chifukwa chinasanduka chinthu chimene iye akusenza m'malo mwa munthu amene ankamukonda. Nkhata siichepetsa kulemera kwa mtolo, koma woyenda nayo amafika.

Komabe nkhaniyi ndimaikonda mosamala, chifukwa imathera pakhomo, ndipo imachititsa owerenga kuganiza kuti funso limodzi lanzeru limakwanira. Rollo May, amene anathandiza kwambiri kufalitsa uphunguwu ku America, anadandaula kuti njira ya Frankl imayandikira ku ulamuliro, popeza mlangizi amakhala ngati ali ndi mayankho onse, wolandira uphungu n'kumangovomera. Ndikugwirizana naye pamenepa. Tanthauzo limene munthu wangopatsidwa ndi wina silichedwa kusuluka, pamene limene walipeza yekha atalimbana nalo kwa miyezi ndi limene amalikumbukira pakati pa usiku tulo tikathawa.

Kusintha kumene kumaoneka kawirikawiri n'kwa pang'onopang'ono ndiponso kopanda phokoso. Yalom, amene m'zaka za m'ma 1970 ankatsogolera magulu a odwala khansa yofalikira, anaona kuti ambiri atavomereza kuti masiku awo ndi owerengeka anayamba kusanja bwino zofunika pa moyo wawo. Analeka kutaya mtima ndi tinthu tachabechabe, anayamba kukana zimene sankafuna kuchita, ndipo ankalankhula momasuka ndi abale awo nkhani zimene anazikwirira kwa zaka zambiri. Ena ankadandaula kuti anafunika kudwala kaye kuti aphunzire kukhala ndi moyo.

Chimene anthu satchula kawirikawiri n'chakuti kusintha kotereku kumayamba ndi kuwawa. Taganizirani mayi amene kwa zaka zambiri wakhala akunena kuti sangasiye ntchito imene imamudwalitsa chifukwa cha ana. Mlangizi samutsutsa, koma amabwerera ku nkhaniyo mofatsa mpaka tsiku limene mayiyo amaona yekha kuti ana anakula kalekale, ndipo chimene chamusunga pamenepo ndi mantha ake. Tsiku limenelo sapita kunyumba akusangalala. Amapita akudziimba mlandu pa zaka zimene zapita, ndipo mwina sagona usiku umenewo, koma kwa nthawi yoyamba chiwongolero chili m'manja mwake.

Apa ndi pamene miyeso yozolowereka imasokera. Ku England, a NHS, bungwe la boma loona zaumoyo, amapatsa olandira uphungu pepala lotchedwa PHQ-9 pa ulendo uliwonse. Pepalali lili ndi mafunso 9 okhudza masabata 2 apitawo, monga za tulo, chilakolako cha chakudya, kutopa ndi kudziona wolephera, ndipo mayankho akawonkhetsedwa amapereka nambala imene imakwera vuto likamakula, mpaka pa 27, pamene wotsika pansi pa 10 amawerengedwa kuti wachoka m'gulu la odwala. Pepalali ndi lothandiza ndipo sindikulinyoza. Koma mayi uja, m'sabata imene wazindikira zoona za moyo wake, nambala yake ikhoza kukwera, ndipo wowerenga manambala okha anganene kuti uphungu ukumupweteka.

Izi sizipatsa alangizi chilolezo chobisala kuseri kwa mawu akuti ntchito yawo ndi yozama kwambiri moti singayesedwe, ndipo ena a iwo akhala akuchita zimenezo kwa nthawi yaitali. William Breitbart, wa pa chipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York, anasonyeza kuti kuiyesa n'kotheka. Anatenga maganizo a Frankl n'kukonza misonkhano 8 ya pagulu ya odwala khansa yofika patali, momwe amakambirana za amene anali asanadwale, amene ali tsopano, ndi chimene adzasiyire otsala. Kafukufuku wake wofalitsidwa mu 2015 anapeza kuti poyerekeza ndi gulu longolimbikitsana, odwalawa anapeza mtendere wamumtima wochuluka, ndipo kutaya chiyembekezo ndi kulakalaka kufa msanga kunachepa. Anafunsa mafunso ogwirizana ndi kusintha kumene ankayembekezera, ndipo mayankho anapezeka.

Pali malire amene sindingawasiye osatchula. Kuuza munthu amene akumenyedwa m'banja, kapena amene akugona ndi njala, kuti angosintha kaonedwe kake ka zinthu ndi nkhanza yovala jekete. Frankl mwiniwake ananena momveka kuti mavuto amene angathe kuchotsedwa ayenera kuchotsedwa, ndipo kufunafuna tanthauzo m'masautso n'kwa okhawo osapeweka. Chimodzimodzinso munthu amene matenda a maganizo amugwetsa moti sadzuka pabedi kapena akuganiza zodzipha: ameneyo afunika dokotala ndipo mwina mankhwala choyamba, nkhani za ufulu ndi udindo zidzabwera akayamba kudya ndi kugona.