Mapepala mbwee, koma m'kalasi saoneka

Anthu akamatama lekichala amawerenga zaka zomwe waphunzitsa ndi mapepala a kafukufuku omwe watulutsa m'majonolo. Ophunzira amawerenga zina: walowa kangati m'kalasi, ndipo ma assignment athu wabweza liti.

Gwero la kusiyanaku ndi kakwezedwe pantchito. Kuti munthu achoke pa lekichala n'kufika pa senior lecturer, mpaka upulofesa, chimene chimalemera kwambiri ndi zomwe wasindikiza. Kuchezera usiku ukuchonga mulu wa mapepala a mayeso sikukweza munthu. Ndiye tisamadabwe akamathawa choko.

Ife tinali ndi bwana wina wodziwika mpaka kunja. Semesita yonse anali ku ma workshop kunyanja, ife tikungouzidwa ndi class rep kuti lero kulibe. Mayeso atayandikira anatiunjikira ma make-up Loweruka ndi Lamlungu, m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ma slide akungothamanga. Ambiri tinakalemba sapu, mayeso obwereza a omwe alephera. Nzeru anali nazo, palibe angatsutse, koma ife sitinazilawe.

Zaka zambiri nazonso si chitsimikizo. Alipo ena manotsi awo anachita kufiira ndi ukalamba, zitsanzo zake za nthawi ya chipani chimodzi.

Komatu sindikunyoza kafukufuku. Amene anatiphunzitsa bwino koposa anali mayi wina yemwe ankafufuza za ntchemberezandonda, mbozi zija zinavuta m'minda ya chimanga cha m'ma 2017. Ankabwera ndi masamba obooka m'jumbo, n'kutiuza kuti titsegule kumtima kwa chimangacho tione tokha ndowe zake zonga utuchi. Kenako ankatifunsa chifukwa chake mankhwala opopera masana sagwira bwino mbozi yobisala mkatimo. Kalasi imeneyo palibe ankajomba, ngakhale mayiyo anali wouma pa malikisi.

Chichokereni 2021, pomwe University of Malawi inagawidwa n'kubala KUHeS ndi MUBAS, mayunivesite aboma alipo 6 tikaphatikiza LUANAR, MUST ndi Mzuni. Ophunzira akuchuluka chaka ndi chaka, ambiri pa ngongole yoti adzabweze. Pempho langa kwa akuluakulu a masukuluwa ndi a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede: mafomu aja ophunzira amadzaza kumapeto kwa semesita aziwerengedwa pokweza munthu. Ndipo funso loyamba pa fomupo likhale loti mphunzitsiyu anajomba makalasi angati.